MAU A MLANGIZI: Mbaula za Magetsi ndi Mabvuto Ace

Ndikhulupira kuti ambiri mwatsiriza kukolola ndipo cimanga calowa m'nkhokwe. Tsopano tafika m'miyezi ya cisanu, June ndi July. Ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mzimba anthu alikugona atapinda miyendo, ndipo ku Thyolo ndi ku Mulanje ciperoni cayamba kale kuwaza. Iyi ndiyonso nyengo imene mlimi amakhala ndi kangacepe m'thumba atagulitsa soya, mtedza kapena fodya. Poyenda m'midzi imene munafika magetsi ndirikukumana ndi anthu ambiri ocokera ku sitolo atamangirira makatoni pa njinga: uyu mbaula yophikira ya magetsi, uyo hita yoothera, winayo babu lofunditsira anapiye.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga Mlangizi wa zaulimi walowa bwanji m'nkhani za magetsi? Kodi za kumunda zatha?" Iai, sizinathe. Koma tamvani zimene ndinaona mwezi wathawu, ndipo mudzaweruza nokha ngati si nkhani ya mlimi.

Bambo wina wa m'dera langa, mlimi wakhama amene ndagwira naye nchito zaka zitatu, anagula anapiye 100 a tsiku limodzi ndi ndalama za soya wa caka cino. Anawaika m'kacipinda ka kuseri kwa nyumba yace, momwenso munali matumba a cimanga, nawayatsira hita kuti asafe ndi mphepo. Popeza m'kacipindamo munalibe soketi, anakoka nthambo yaitali kucokera pa balaza, naipititsa pansi pa citseko. Pa sabata laciwiri, pakati pa usiku, mai wa m'nyumbamo anadzidzimuka ndi utsi. Mwamwai anthu onse anatuluka amoyo, ndipo anansi anathandiza kuzima moto usanagwire denga lonse. Koma anapiye anapsa onse, pamodzi ndi matumba asanu ndi limodzi a cimanga.

Kutaca ndinapita kukawapepesa. Pofukula m'phulusa tinapeza kuti hitayo inali yosapsa kwenikweni. Moto unayambira pamene pulagi ya hita inalowa m'nthambo yaitali ija, ndipo malowo anali atatsamira thumba la cimanga. Ndinafunsa kuti, "Kodi bambo, simunaonepo kanthu kacilendo masiku apitawa?" Iwo anati, "Alangizi, kunena zoona pulagiyo inali kutentha kuyambira tsiku loyamba. Pozula ndinali kucita kugwira ndi kansanza. Ndinayesa kuti ndi mmene zimakhalira, popeza ndi cinthu ca moto." Amai nawonso anati anali kumva kapfungo ka pulasitiki wopserera, koma anayesa kuti ana alikuocha zinyalala kuseri.

Abale, si mmene zimakhalira ai. Ndipo kuti mumvetse bwino cifukwa cace, ndiloleni ndifotokoze pang'ono kumene kutentha kwa magetsi kumacokera.

M'kati mwa ciri conse cotenthetsa ndi magetsi, kaya mbaula yophikira, kaya hita, kaya simbi, kaya ketulo, muli waya wina wapadera amene amisiri amamucha elementi. Wayayu si wa kopa monga wa m'nthambo ai. Ngwopangidwa posanganiza zitsulo ziwiri, nikelo ndi kromiyamu, ndipo anamtulukira munthu wa ku America dzina lace Albert Marsh, amene analembetsa luso laceli m'caka ca 1906. Wayayu amakaniza magetsi kupita mosabvuta, ndipo pokanizapo amatentha kufikira kufiira psuu, koma osasungunuka kapena kudyeka msanga. Inu amene mumapita ndi ng'ombe ku dipi mudziwa kuti pa dambo ng'ombe zimayenda momasuka, koma zikafika pa mpata wopapatiza wolowera m'madzi zimapanikizana ndi kukhulana. Magetsi ali comweco. M'nthambo ya kopa yonenepa bwino amayenda ngati pa dambo, ndipo nthamboyo imakhala yozizira. M'elementi amapanikizika, ndiye kutenthako.

Tsono mpata wopapatiza uyenera kukhala umodzi wokha, ndiwo elementi. Koma sikuluu ikakhwefuka m'pulagi, kapena polumikizira pakacita dzimbiri, kapena tiwaya tina ta m'nthambo tikaduka cifukwa copanidwa ndi citseko nkutsala towerengeka, pamenepo pabadwa mpata wina. Malowo asanduka kambaula kena kakang'ono kobisika, koyaka pafupi ndi pulasitiki, nsalu ndi matabwa. Kutenthako kumaonjeza kukhwefuka, kukhwefuka nkuonjezanso kutentha, mpaka tsiku lina lawi libuka. Zimenezi sizicitika tsiku limodzi. Zimatenga masiku kapena masabata, ndipo nthawi yonseyo pulagi imakhala irikukuuzani.

Cifukwa ca ici ndikupemphani muyambe mwambo uwu m'nyumba mwanu. Mukaphika kapena kuotha kwa mphindi 20, zimitsani swichi ya pa khoma, pukutani manja aume, zulani pulagi ndi kuifumbata. Ikakhala yofunda pang'ono ngati dzira limene nkhuku yangoikira kumene, palibe kanthu. Koma ikatentha kwakuti simungathe kuisunga m'dzanja, pali bvuto. Yendetsaninso dzanja pa nthambo kuyambira ku pulagi kufikira ku mbaula, kufuna malo otentha, ong'ambika kapena olumidwa ndi makoswe. Yang'ananinso soketi. Ngati pa mabowo pace pawauka, kapena mukumva kuthetheka m'kati pophika, musaikepo kanthu kufikira itakonzedwa.

Pulagi ya mano atatu imene tigwiritsa nchito m'dziko muno njofanana ndi ya ku Britain, ndipo munthu wosamala angathe kuitsegula yekha itazulidwa, iri m'manja mwace. M'kati mudzapeza mawaya atatu. Wa bulauni ndiye wa moto, ndipo apita ku dzino la kudzanja lamanja kumene kuli fyuzi. Wa buluu apita ku dzino la kumanzere. Wa mizere yobiriwira ndi yacikasu apita ku dzino lalitali la pamwamba, ndipo ameneyu ndiye wa ethi, amene ndidzanena za iye patsogolo. M'zipangizo zakale mudzapeza wofiira m'malo mwa wa bulauni, wakuda m'malo mwa wa buluu, ndi wobiriwira yekhayekha wa ethi. Mangani masikuluu onse atatu zolimba. Muone kuti palibe tiwaya totuluka pambali ngati ndebvu, ndi kuti copanira ca pa khomo la pulagi cagwira cikopa ca kunja ca nthambo, osati tiwaya tokha. Pulagi imene pulasitiki wace wapsa kale itayeni, mugule ina. Mtengo wace sufika pa mtengo wa nkhuku imodzi. Ngati mwamanga zonse bwino koma itenthabe, ndiye kuti timano ta m'kati mwa soketi ya pa khoma tatopa, ndipo imeneyo si nchito yanu, nja mmisiri.

Za fyuzi ndinenepo mau awiri. Fyuzi ndi kawaya kakang'ono kopangidwa dala kuti kaduke magetsi akapyola muyeso, nthambo isanayake. Ya mbaula ndi hita imakhala ya maampu 13. Ikapsa kamodzi, ikani ina ya muyeso womwewo. Ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti m'mbaulamo muli colakwika. Ndaona anthu akukulunga fyuzi yakupsa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, ena kuikapo kamsomali. Kutero kuli ngati kupha galu cifukwa wauwa usiku, mbala iri pa khola. Ndipo inu anyamata amene mumadula pulagi nkulowetsa mawaya okha m'soketi mocirikiza ndi timitengo ta macesi, dziwani kuti mwataya fyuzi, mwataya ethi, ndiponso mwadzipangira nokha malo ogwedera aja.

Tiwerengereko pang'ono. Magetsi a m'nyumba zathu ali ndi mphamvu ya mavoti 230, ndipo pulagi imodzi inapangidwa kuti isenze maampu 13. Tikaculukitsa 230 ndi 13 tipeza mawati pafupifupi 3,000. Amenewa ndiwo malire a katundu wa pulagi imodzi. Ciri conse ca magetsi cimakhala ndi kacizindikiro pansi kapena kumbuyo konena mawati ace, tembenuzani muwerenge. Mbaula ya mbale ziwiri kawirikawiri imadya mawati 2,000 kapena kuposerapo, ketulo cimodzimodzi. Tsono mukaika ziwirizi pa nthambo imodzi ya mabowo ambiri, mwasenzetsa mawati 4,000 pa msana wa 3,000, ndipo nthambo zambiri zochipa za pa msika sizifika ngakhale pa 3,000 pomwepo. Mafoni, wailesi ndi mababu zingathe kudyera pamodzi pa nthambo yotere, pakuti zimadya pang'ono. Koma cotenthetsa ciri conse cikhale cokha pa soketi ya pa khoma. Nthambo yopyapyala ya mawaya awiri ija nja mababu basi. Ndipo kulumikiza nthambo mopota nsonga nkukulunga ndi jumbo kapena mphira wa njinga musakuyese konse pa mbaula.

Tsopano tibwere ku mbaula yophikira, ndipo apa ndilankhula makamaka ndi inu amai. Mbaula ikaleka kutentha musathamangire kunena kuti yafa. Yambani mwaona ngati magetsi alipo m'nyumba, ndi ngati mayuniti sanathe. Musaseke, ndinakumanapo ndi bambo atanyamula mbaula pa njinga ulendo wa kwa mmisiri, cikhalireco anatha ndi mayuniti. Kenaka iyeseni pa soketi ina, ndipo pambuyo pace sinthani fyuzi. Ngati iri ya mbale ziwiri ndipo imodzi itentha koma inzace ai, yafa ndi elementi ya mbale imeneyo kapena cotembenuzira cace. Ngati mbale ingofiira osatsika moto ngakhale mutembenuze bwanji, cotembenuziraco cakakamira m'kati. Zonsezi zimagulitsidwa pazokha ndipo mmisiri angathe kusintha. Sipafunika kugula mbaula yatsopano. Madzulo ena, pamene mudzi wonse ulikuphika, mudzaona mbaula ikucedwa kupsetsa ndiwo ndi mababu ena akuwala mofooka. Pamenepo mphamvu ya magetsi yatsika cabe, mbaula iribe mlandu.

Cimene cimapha mbaula msanga ndi zotayikira. Phala likasefukira, kapena msuzi wa mcere ukadonthera pansi pa mbale, umauma pomwepo nuyamba kudya citsulo ndi polumikizira mawaya. Nyenyeswa zimaitana mphemvu, zimene zimakonda kugona m'kati mwa mbaula cifukwa ca kufunda, ndipo makoswe nawo amatsatira. Cotero mukatha kuphika zulani, dikirani izizire, ndipo muipukute ndi kansalu konyowa kofinya bwino. Musaithire madzi kapena kuimiza m'beseni monga mucitira ndi mphika. Mbale zakuda zacitsulo zija muzizipaka kadontho ka mafuta ophikira nthawi ndi nthawi kuti zisacite dzimbiri.

Mphika ukhale wa pansi pathyathyathya, wolingana ndi mbale. Mphika wathu wadothi wa pansi pobulungira umakhudza mbale pang'ono pokha, cotero kutentha kwambiri kumapita pacabe, mbaleyo nkumatentha koposa muyeso ndi kutha msanga. Ciphika ca thobwa ndi ndowa ya madzi osamba zimapinda elementi yozungulira ija. Zimenezo zisiyeni pa mafua. Ndiponso pali nsima yathuyi. Ndiyesa kuti opanga mbaulazi sanaganizeko za mthiko. Pobvundula, mbaula yonse imagwedezeka, ndipo kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku ndiko kumamasula masikuluu a m'kati. Ikhazikeni pa malo olimba osagwedera, monga pa njerwa zoyala bwino, kutali ndi mtsuko wa madzi.

Pali mbaula zina zopanga m'misika, za waya wopota wogoneka poyera m'mizere ya dothi kapena ya njerwa. Ndidziwa kuti nzochipa ndipo zipsetsa nyemba msanga. Koma wayayo ali pamtunda ndi magetsi ace onse. Mphika wacitsulo ukamkhudza, kapena madzi akatayikira, magetsi alowa m'dzanja la wophika. Akaduka, anthu amangopota nsonga ziwirizo pamodzi. Popotapo ndi mpata wopapatiza uja, ndipo pamayaka koposa pena ponse. Wayayonso wafupika, cotero akoka magetsi ambiri kuposa kale nadukanso posacedwa. Ine kwanga kuli mwana wokwawa, ndipo mbaula yotere sindingailole kulowa.

Koma cizindikiro coopsa koposa zonse ndico kumva nyesi, ngakhale yaing'ono, pokhudza mphika kapena citsulo ca mbaula. Mai wina pa msonkhano wa kalabu anandiuza kuti, "Alangizi, yanga imaluma pang'ono, koma ndikabvala masilipasi sindimva." Amai anga, tamverani. M'kati mwa elementi, waya wa moto amapatulidwa ndi citsulo ca kunja ndi ufa woyera wosapititsa magetsi. Elementi ikang'aluka, kapena ufawo ukalowa cinyezi, magetsi amadumphira ku citsulo ca kunja. Nchito ya waya wa ethi ndiyo kutenga magetsi osokerawo ndi kuwathawitsira m'nthaka, kuti fyuzi ipse kapena swichi ya m'bokosi igwe inu musanakhudze. Tsono ngati nyesi ifika m'dzanja lanu, pali mabvuto awiri pamodzi: mbaula yaonongeka, ndipo ethi sagwira nchito. Lero inu mwabvala masilipasi. Mawa mwana wanu adzagwira mphikawo wopanda nsapato pa simenti yonyowa. Zulani mbaulayo lero lomwe, ndipo muitane mmisiri wa magetsi wokhala ndi cilolezo ca bungwe la MERA kuti aone mbaula ndi mawaya a m'nyumba omwe. Kumbukirani kuti a ESCOM amafikitsa magetsi pa mita. Kucokera pamenepo kulowa m'nyumba, kusamala nkwa mwini nyumba.

Mdani wamkulu wa hita ndi pfumbi, ndipo sikuno kokha ai. Ku maiko ozizira kwambiri monga Canada ndi America, nyumba zina amazifunditsa ndi ng'anjo ya magetsi. Limeneli ndi bokosi lalikulu lacitsulo lokhala ndi maelementi angapo a waya yemwe uja, ndi feni yaikulu yokankha mpweya wofunda kupyola m'mipope kupita m'cipinda ciri conse. Ng'anjo imodzi imadya mawati 10,000 kufikira 20,000 kapena kuposerapo, ndiko kunena mbaula zathu za mbale ziwiri zisanu kufikira khumi zoyaka pamodzi. Koma makina aakulu cotere amagonja kawirikawiri ndi kanthu kakang'ono: sefa yosefa mpweya ikatsekeka ndi pfumbi, mpweya supita, maelementi amatentha kupyola muyeso, ndipo kaswichi kocinjiriza kamazimitsa ng'anjo yonse. Cifukwa cace eni nyumba amalangizidwa kusintha sefayo pa mwezi umodzi kufikira itatu iri yonse. Tsono ngati pfumbi libvutitsa anthu okhala m'nyumba zotseka bwino m'mphepete mwa miseu ya tala, nanga ife a m'midzi m'nyengo ino ya mphepo?

Hita imene yakhala pansi pa bedi miyezi khumi musangoisolola ndi kuyatsa. Yambani mwaipukuta isanalowe pa khoma, ndipo pfumbi ndi ukonde wa akangaude za m'kati muziuzire ndi pampu ya njinga. Ngati iri ya feni, mverani poyatsa: feni ikakana kuzungulira kapena ikalira ngati wilibala, zimitsani msanga, pakuti elementi yopanda mphepo imasungunula pulasitiki. Ikamadzizima yokha kawirikawiri, yang'anani ngati polowera mpweya sipanatsekeke. Ikhazikeni pansi pa malo osalala, mtunda wa mita imodzi, ndiyo yadi ndi pang'ono, kucokera ku bedi, neti ya udzudzu, makatani ndi matumba. Musayanikepo matewera kapena yunifolomu ya mwana ngakhale kunja kuli ciperoni. Ndipo pogona zimitsani.

Kuzimitsako kulinso ndi phindu m'thumba. Cinthu ca mawati 1,000 cikayaka ora limodzi cadya yuniti imodzi. Hita ya mawati 2,000 yoyaka maora asanu usiku uli wonse idya mayuniti 10, ndipo pa mwezi 300. Mlimi adziwerengere yekha kuti ndalama imeneyo ikadagula mabulangete angati, amene adzafundanso caka ca mawa. Inu amene muli ndi sola yaing'ono ya mababu ndi mafoni musayese kulumikizako hita kapena mbaula. Batire lidzatha nthawi yomweyo ndi kuonongeka.

Tibwerere kwa anapiye, pakuti iwo ndiwo afuna kutentha usiku wonse, mwini wace ali mtulo. Pa sabata loyamba afuna madigiri 32 kufikira 35 pamene agona, ndipo sabata liri lonse mutsitse ndi madigiri atatu kufikira atamera nthenga. Ine sindilangiza hita ya m'nyumba pa nchito imeneyi. Gulani babu lofiira lofunditsira la mawati 250. Limodzi likwanira anapiye 50 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo a 100 muwaikire awiri, kuti limodzi likapsa usiku linzace litsale. Babu limodzi loyaka usana ndi usiku lidya mayuniti 6, pamene hita ya mawati 2,000 ikadadya 48. Ndiponso katundu wa pa nthambo ngwopepuka. Mababu a masiku ano ochedwa LED amawala cabe, safunditsa, cotero musawadalire. Cogwirira babu cikhale ca dothi loocha, osati ca pulasitiki. Lipacikeni ndi cheni kapena waya wolimba, osalilenjekera pa nthambo yace ya magetsi ai, ndipo lisatsike kupyola masentimita 45 pamwamba pa utuci. Comwera madzi cikhale patali, pakuti dontho limodzi pa babu lotentha limaliswa. Kamodzi pa sabata lizimitseni, lizizire, ndipo mupukute pfumbi la cakudya limene limamatirira pamwamba.

Amene mulibe coyezera kutentha, anapiye eni ace adzakuuzani. Akaunjikana pansi pa babu nkumalira, alikumva mphepo. Akathawira m'mbali atayasama kukamwa, kwatentha, kwezani babu. Akakhala mbali imodzi yokha, pali polowera mphepo. Akabalalika ponseponse, ena akudya ena akugona, zonse ziri bwino.

Nanga magetsi akazima? Magetsi ambiri a dziko lino acokera pa mtsinje wa Shire: pa Nkula, pamene makina oyamba anayamba nchito m'caka ca 1966, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Mtsinje uli ndi nyengo zace. Mukumbuka kuti mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo anayambanso kugwira nchito m'caka ca 2023. Cotero woweta anapiye akhale ndi mphika wadothi ndi makala pafupi. Makalawo ayakire panja kufikira utsi utatha, mphika ukhale pa njerwa wochingidwa kuti anapiye asaukhudze, ndipo khola likhale ndi potulukira mpweya. M'cipinda cogona anthu musalowetse mbaula ya makala ndi kutseka zitseko. Mpweya wace ulibe pfungo, ndipo umapha banja lonse liri mtulo. Cina ndi ici: magetsi akazima muli pakati pophika, musayambe ndi kufuna macesi. Yambani ndi kuzimitsa swichi ya mbaula, ya simbi ndi ya hita. Magetsi amabwera osaodira, nthawi zina pakati pa usiku, ndipo adzapeza mbale yoyatsa yobvundikiridwa ndi nsalu ya pa thebulo.

M'nyumba iri yonse, munthu ali yense, ndi ana a sukulu omwe, adziwe pamene pali swichi yaikulu ya m'bokosi, ndipo pamenepo musaunjikepo matumba. Moto ukabuka pa nthambo kapena pa soketi, gwetsani swichiyo coyamba. Madzi musathire magetsi asanazime. Thirani mcenga kapena dothi. Munthu akagwidwa ndi nyesi musamkoke ndi manja, mungagwidwe naye pamodzi. Zimitsani, kapena mumkankhe ndi munsi wouma mutaima pouma, ndipo mupite naye ku cipatala ngakhale anene kuti ali bwino, pakuti magetsi amasokoneza kugunda kwa mtima.

Bambo uja sanagwe mphwai. Anagulitsa mbuzi ziwiri, namanga kakhola ka njerwa padera ndi nyumba, ndipo mmisiri anakokera waya woyenera ndi kuikamo soketi yace. Ayambanso ndi anapiye 50 ndi babu limodzi. Ndinapitako Laciwiri lapitali, ndipo ndinapeza anapiye atabalalika pa utuci. Ndisanakhale pansi amai anandiuza kuti, "Alangizi, takazulani mugwire nokha." Ndinazula pulagi ndi kuifumbata, ndipo inali yozizira.

Sabata la mawa tidzakambirana za anankafumbwe ndi kathiridwe ka mankhwala m'cimanga ca m'matumba. Amene muli ndi mafunso lemberani kwa Mkonzi, ndipo musaiwale kuchula mudzi ndi boma lanu.

Ine wanu,
MLANGIZI